Laputopu sinabedwe

Mayi anga amagulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu, pomwe msewu wa M1 umalekanitsa Malawi ndi Mozambique. Kwa zaka pafupifupi zitatu ankakhulupirira kuti laputopu yanga inabedwa m'chipinda chomwe ndinkachita lendi ku Chikanda, ku Zomba, ndipo wakubayo anali atamupeza kale mumtima mwawo. Laputopuyo sinabedwe. Ndinaipereka ndekha kwa munthu wa katapila, ndipo amene anasenza mbiri ya umbava anali mnyamata yemwe ankandigawira nsima yake.

Kwathu ndalama sinkakambidwa. Inkabwera ndi nyengo: kachewere akakumbidwa tinkaona shuga, sopo wonunkhira ndi nsapato zatsopano, ndipo ikatha tinkadziwira pa ndiwo. Amayi ankaimanga pa mfundo ya chitenje, ina n'kukaponya ku banki m'khonde, koma sindinawamvepo akunena kuti tapeza zakuti, tichotsepo za feteleza, zotsalazi zitifikitse mwezi wakuti. Ankawerengera mumtima, usiku, ife titagona. Mwana akafunsa za ndalama ankauzidwa kuti za akuluakulu sizimukhudza. Mpaka pomwe ndinkalemba mayeso a Fomu 4, ndalama yaikulu yomwe ndinaisungapo ndekha inali ya thiransipoti yobwerera kunyumba potsekera sukulu. Ndinakula ndikudziwa kusangalala ikabwera ndi kupirira ikatha. Luso loikoka kuti italike amayi anali nalo, koma linali lawo, la mumdima.

Dzina langa litatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite, malume anagulitsa mbuzi zinayi n'kukandigulira laputopu yogwirapo kale ntchito ku Lilongwe pa K180,000. Pondipatsa anandiuza kuti, "Mphwanga, khasu lako ndi ili." Iwo ankakumbukira yunivesite ya nthawi ya Kamuzu, pomwe wosankhidwa ankapeza bedi lomudikira, ankadya ku kafeteriya osatulutsa kanthu, n'kumalandiranso kandalama ka m'thumba. Mudzi wonse unkaganiza choncho. Sankadziwa kuti ambiri a ife tsopano timadzipezera tokha pogona kunja kwa mpanda, timadziphikira pa mbaula, ndipo ndalama timachita kubwereka ku bungwe la ngongole za ophunzira, Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Ya fizi imapita ku koleji osadutsa m'manja mwako. Yodyera ndi yogonera imagwera mu akaunti yako, osati pang'onopang'ono ngati malipiro a pamwezi, koma chimulu, pakamodzi. Ife tinkaitchula kuti loni. Kumudzi ankati "ndalama za boma", ngati kuti ndayamba ntchito.

Ndinafika ku Zomba mu 2022, yaro, wophunzira wa chaka choyamba wosadziwa kanthu. Tsiku lomwe loni inatuluka sindidzaliiwala. Uthenga unangoti pa gulu la WhatsApp, "Yalowa!" ndipo pasanathe ola mizere ya pa ATM m'tauni inali itakhota. Zomba yonse imalidziwa tsiku limenelo: a pachiwaya amaonjezera mbatata, a kabaza amaima mothithikana pageti, a kaunjika amatsegula mabelo atsopano, eni nyumba amakhala pakhonde kudikira. Ine ndinayang'ana nambala pa kapepala ka ATM kangapo konse. Ndalama ngati imeneyo ndinali ndisanaigwirepo chibadwire, ndipo mutu wanga sunathe kuigawa pa miyezi inayi. Unangoiona ngati yambiri.

Choyamba ndinagula foni. Apa ndisadzinamizire: foni inkafunikadi, chifukwa manotsi, kusintha kwa nthawi ya kalasi ndi uthenga wa aphunzitsi zonse zinkadutsa pa WhatsApp, pomwe ine ndinabwera ndi ya mabatani. Koma panali foni yokwanira ntchitoyo pa theka la mtengo womwe ndinalipira. Ndinasankha ya makamera atatu chifukwa ndiyo yomwe ndikanatha kuiika patebulo osabisa. Kenako nsapato zoyera, jinzi ziwiri, ndi tchipisi cha nkhuku madzulo aliwonse kwa sabata yathunthu. Ndinali nditagwirizana ndi anyamata ochokera ku sukulu zapulaiveti za ku Blantyre ndi ku Lilongwe, anthu abwino ndithu, oseketsa, osanyoza. Palibe ndi mmodzi yemwe anandiuzapo kuti ndigule kanthu. Ndinkangoona mmene ankatulutsira ndalama osayang'ana chenji, ine n'kumachita chimodzimodzi kuti Lizulu asaonekere pa ine. Chomwe sindinkaona n'chakuti Lachisanu lililonse foni zawo zinkalira, bambo kapena achemwali atumiza. Iwo ankatunga pa kasupe, ine ndinkatunga mu ndowa.

Kumbali inayi kunali kumudzi. Mchemwali wanga wamng'ono yunifolomu yang'ambika. Msuweni akufuna mayunitsi. Azakhali akufunika mankhwala. Kwagwa maliro kuseri kwa phiri, "ndiye iwe wa ku yunivesite usatumize ngakhale kachipepeso?" Zonsezi zinali zoona, ndipo zina zinali zoyeneradi kuthandiza. Koma sindinanenepo ngakhale kamodzi mawu osavuta akuti iyi ndi ngongole, ndidzaibweza, ndipo ndi chakudya changa mpaka mayeso. Kusukulu ndinkaopa kuoneka wosauka, kumudzi ndinkaopa kuoneka womana. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinavumbwa ndisanamalize masabata asanu ndi limodzi.

Mesho wanga, mnyamata yemwe tinkagona naye chipinda chimodzi, anali wa ku Phalombe. Loni yake inali yofanana ndi yanga, kwawo kunali kosauka kuposa kwathu. Iye tsiku lomwe ndalama yalowa ankayamba walipira lendi ya miyezi yonse, kenako n'kugula thumba la makala, mafuta ophikira, mchere, sopo, bonya wa m'chigoba chachikulu ndi mapaketi a soya. Ufa ndi nandolo ankabwera nazo kuchokera kwawo. Yotsala ankaisiya ku banki, osaisamutsira m'foni, ndipo khadi la ATM ankakasungitsa kwa mayi eni nyumba, kuti akafuna kutapa ayambe wagogoda pakhomo pawo n'kufotokoza. Anali ndi kope la masamba 40 momwe ankalemba chilichonse, ngakhale K100 ya tomato. Loweruka ankameta anthu pakhonde ndi kamakina komwe anagula ndi loni yoyamba. Ife tinkamuseka, tinkamutcha nduna ya zachuma. Tsiku lina nditamufunsa chifukwa chomwe ankadzivutitsira chonchi anati, "Aise, ndalama ikakhala m'foni imamva kuitana." Ndinaseka kwambiri. Yanga inali m'foni, ndipo inkayankha aliyense woitana: bandulo pakati pa usiku, kabaza pa mtunda woyenda mphindi khumi, mtsikana wina wa ku Matawale yemwe ndinkafuna aziganiza kuti kwathu tili ndi golosale.

Choseketsa, ngati n'choseketsa, n'chakuti ine ndinkaphunzira zachuma. Mesho ankaphunzira zauphunzitsi. M'mwezi wa Meyi 2022 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndinkatha kufotokoza bwinobwino chifukwa chomwe mafuta ophikira ndi buledi zikwerere, mpaka anzanga ankandiombera m'manja pa zokambirana. Mesho sanafotokoze kanthu, anangopita kukagula botolo lina la mafuta mitengo isanasinthe pa golosale ya pafupi. Ndikamva anthu akunena kuti vuto la ophunzira ndi kusaphunzitsidwa za kasamalidwe ka ndalama, ndimavomera theka lokha. Masamu ndinkawadziwa. Chiwongoladzanja chomwe chimaberekanso chiwongoladzanja ndinachilemba pa mayeso n'kukhoza. Chomwe chinkagwira chikwama changa sichinali mutu ayi, anali manyazi, ndipo manyazi salowa m'kalasi.

Kubetcha ndinakuyamba mu Novembala 2022, mpira wa World Cup uli mkati ku Qatar. Ndinali nditatsala ndi K25,000 yoti indifikitse kumapeto, ndipo ndinkadziwa kuti siikwana. Mnzanga wina anandionetsa pa foni mmene ankapangira "ya ndiwo": umasankha matimu akuluakulu omwe sangagonje, umawaphatikiza, basi. Pa 22 Novembala ndinaika K10,000 pa tikiti yomwe inkayamba ndi Argentina kugonjetsa Saudi Arabia. Messi anagoletsa penate koyambirira, ine n'kuyamba kale kuwerengera zogula. Masewero anatha 2-1, Saudi Arabia itapambana. Munthu wanzeru akanaseka n'kusiya. Ine ndinaona ngati ndalama yanga yangosungidwa kwinakwake, ndiyenera kukaitenga.

Mpira unkachedwa, mphindi 90 zinkatalika. Ndiye ndinasamukira ku kandege. Amene sanakaonepo: kandege kamanyamuka pa foni, nambala n'kumakwera, ndipo iwe uyenera kutsitsa ndalama yako kasanathawe. Kamatha m'masekondi ochepa, kena n'kunyamuka pompo. Usiku wina ndinasandutsa K2,000 kukhala K38,000, ndipo usiku umenewo ndi umene unandiwononga, chifukwa kuyambira pamenepo ndinali ndi umboni woti zimatheka. Ndinkasewera nditafunda bulangete kumutu kuti kuwala kusadzutse mesho. M'mawa ndinkalowa m'kalasi maso ali psuu, nditabwereka kale mayunitsi pa manambala onse awiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Wa katapila ndinamupeza kudzera mwa mnzanga yemwe uja. Anali bambo wooneka bwino, wa malaya ositidwa, ndipo sanandibisire kanthu. "Mphwanga, ine sindikakamiza munthu. Utenga 40, pakutha pa mwezi ubweza 60. Ukalephera, 60 ija ndiye yasanduka ngongole. Chikole uli nacho?" Ndinati ndili ndi laputopu. Anaitsegula, anaiyatsa, analemba nambala yake m'buku, n'kundibwezera kuti ndizigwiritsabe ntchito. Ndinasaina. K40,000 ija theka ndinalipira ngongole zing'onozing'ono, theka linakwera kandege. Mwezi utatha inali K60,000, wotsatira K90,000, wachitatu K135,000. Masamu omwewo a pa mayeso aja, koma tsopano ali ndi dzina langa. Mu Febuluwale 2023 anatuma anyamata awiri. Sanandiopseze, anangoima pakhomo mwaulemu. Ndinafufuta zithunzi zanga, ndinakulunga chaja, n'kuwapatsa. Mesho ndinamuuza kuti yapita kokakonzetsa.

Madzulo ake ndinaimbira amayi.

"Amayi, laputopu ija yabedwa."

"Mayo ine! Athyola chitseko?"

"Ayi, sanathyole."

"Nanga makiyi amasunga ndani?"

"Ine ndi mnzanga uja."

Anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Basi, ndamva mwanawe." Sindinanene kuti mesho waba. Kwa zaka zonsezi ndakhala ndikudzitonthoza ndi mfundo imeneyi, kuti pakamwa panga sipanatuluke dzina lake. Koma ndinamva mmene amayi anapumira, ndinadziwa komwe maganizo awo alowera, ndipo ndinawasiya apite.

Febuluwale ndi mwezi wa njala, aliyense wa kumudzi amadziwa. Amayi anakatenga ngongole ku banki m'khonde, komwe gulu lawo limalipiritsa K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Itaperewera, anagulitsa munda umodzi wa kachewere mbatata ikadali m'nthaka, kwa venda yemwe anawapatsa mtengo wa munthu wopanikizika. Anatumiza K200,000 kudzera kwa ejenti wa pa Lizulu, n'kuwonjezera malangizo: ndigule loko wanga, ndisamasiye kanthu poyera, ndipo ndikapeza malo ena ndisamuke "kwa mnyamata ameneyo". Ndinagula laputopu yakale ya batire lakufa pa K120,000. Ina ndinalipira lendi yomwe inatsalira. K10,000 ya ndalama imeneyo, ndalama ya mbatata yosakhwima ya mayi anga, ndinaiika pa kandege usiku womwewo. Mwa zonse zomwe ndalemba pano, chiganizo chimenechi ndi chomwe ndachifufuta kawiri n'kuchibwezeretsa.

Mwezi wotsatira kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa masiku osalekeza, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu mazanamazana anafa. Kwa masiku atatu mesho sankapeza aliyense wa kwawo pa foni. Atawapeza anamva kuti onse ali moyo, koma nyumba yagwa ndipo munda wasanduka mchenga. Anakagogoda kwa mayi eni nyumba, anatenga khadi lake, anatumiza kwawo gawo lalikulu la zomwe anasunga. Usiku ndinamuona atatsegula kope lija, akufufuta n'kulembanso. Tiyi wa m'mawa anamuchotsa. Nkhomaliro anaichotsa. Panatsala nsima ya madzulo yokha, ndipo pa nsimayo ankapakulabe mbale ziwiri, chifukwa ankadziwa kuti ine ndilibe kalikonse. Ndinkadya. Amayi akaimba n'kufunsa ngati ndasamuka kwa wakuba uja, ndinkatuluka panja kukayankhira kuseri kwa bafa, m'manja mukununkha bonya wake.

Ndikanakonda kunena kuti ndinasiya kubetcha sabata imeneyo chifukwa cha chisoni. Sizinatero. Ndinasiya patapita miyezi iwiri, foni ya makamera atatu ija nditaigulitsa kuti ndilipire lendi, n'kubwerera ku ya mabatani yomwe kandege sikangatere. Kulapa kunabwera pambuyo, kutapeza kuti njira yatsekeka kale. Anzanga a tchipisi aja sanandithawe, ndine ndinayamba kuwazemba, ndipo patapita nthawi ndinazindikira kuti sankasamala n'komwe za nsapato zanga. Loni yotsatira itatuluka ndinatsatira mesho ngati mwana: lendi, makala, mafuta, soya. Khadi langa nalonso linakalowa m'kabati ya mayi eni nyumba, omwe anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwachedwa, koma bwerani nalo." Ndinapeza ana atatu a Fomu 4 ku Chinamwali oti ndiziwaphunzitsa masamu Loweruka. Msuweni atapempha mayunitsi ndinamuyankha koyamba kuti ndilibe, ndipo dziko silinathe. Anangoti ndayamba kunyada, n'kukapempha wina.

Koma wina asawerenge izi n'kunena kuti ana a ku koleji amagona ndi njala chifukwa chosasamala. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwanso, ulendo uno ndi 44 peresenti, ndipo ngakhale kope la mesho linalephera. Zomwe analemba kuti zimufikitsa kumapeto zinathera pakati. Eni nyumba anakweza lendi, osati mwankhanza, nawonso ankagula shuga yemweyo. Ndinaona anthu osamala kuposa ine akunyamula zikwama kubwerera kumudzi semesita isanathe. Ndinaona atsikana omwe tinkawanena tikawaona akukwera magalimoto a azibambo pageti Lachisanu, ndipo ena a iwo ndinkadziwa kuti loni sanapeze, kwawo kulibe wotumiza. Ife anyamata tinkawaweruza tili ndi matikiti a kubetcha m'matumba. Ndalama imachepadi. Mlandu wanga ine ndi woti yochepayo ndinaitaya ndekha, kenako n'kukatenga ya amayi ndi bodza.

Tsiku la galajuweshoni amayi anabwera ndi malume, atanyamuka m'bandakucha kudzera pa Balaka ndi pa Liwonde. Mwambo utatha mesho anabwera kudzawalonjera, atavala gauni, anawerama n'kupereka moni ndi manja awiri. "Amayi, mwayenda bwanji?" Amayi anamupatsa nsonga za zala, anayankha mawu amodzi, kenako anakoka chikwama chawo n'kuchipanira m'khwapa. Iye anaona. Madzulo tikulongedza anandifunsa, "Aise, mayi ako ndinawalakwira chiyani?" Ndinati atopa ndi ulendo.

Ndinawauza zoona patapita miyezi inayi, nditapeza kantchito kowerengera ndalama pa shopu ina ya zipangizo zomangira ku Lilongwe. Ndinapita kumudzi kumapeto kwa mwezi, ndinawapeza pakhonde akusankha mbatata yambewu. Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse, kuyambira pa Argentina mpaka pa K10,000 ija. Ndinkayembekezera kuti afunsa za munda, kapena za miyezi isanu yomwe anavutika kubweza ku banki m'khonde. Manja awo sanasiye kusankha mbatata. Atatsegula pakamwa anati, "Ndiye mwana wa eni ake uja ndamuda zaka zonsezi popanda chifukwa? Iwe, ine ndinamutchula mpaka ku mapemphero a amayi a Lachinayi, kuti Mulungu amuone." Apa ndi pomwe analira.

Malume sanalankhule zambiri. Anati mbuzi zinali zinayi, ndipo akufuna mbuzi, osati ndalama ya pa foni. Ndabweza ziwiri. Ngongole ya boma nayo ikundidikira, yonse, kuphatikizapo ija inathera pa chiwaya.

M'mawa mwake amayi anadzaza thumba la makilogalamu 50 ndi kachewere wosankha, wamkuluwamkulu, analisoka okha, n'kundiuza kuti ndisalitumize pa basi, ndilinyamule ndekha mpaka m'manja mwake. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, n'kukweranso ina ya ku Phalombe, komwe mesho akuphunzitsa pa sekondale ina yoyendera. Ndinamupeza akuchonga makope pansi pa mtengo wa mango. Ataona thumba anaseka, "Nduna yeniyeni yafika." Nditayamba kufotokoza za katapila anandidula. Ankadziwa kalekale. Laputopu ija anaiona ikugulitsidwa m'tauni sabata yomweyo, anaizindikira ndi kasitika ka Bullets komwe ndinamata pachivundikiro, ndipo anangosankha kusandichititsa manyazi. Chomwe sankadziwa ndi chomwe ndinauza amayi. Nditamuuza, kuseka kunatha. Anayang'ana makope ake nthawi yaitali.

"Ndiye nthawi yonse ija tinkadya limodzi, kwanu ine ndinali mbava?"

Ndinati eya.

Mbatata analandira, anati akapatsa mayi ake. Anandiperekeza mpaka pa siteji, sitinalankhule zambiri m'njira. Minibasi itaima anandipempha nambala ya amayi, n'kuilemba kuseri kwa kope la mwana wina. Anati adzawaimbira yekha mtima ukakhala pansi, ndipo ine ndisamukumbutse. Papita miyezi isanu ndi iwiri. Ndikaimba kumudzi Lamlungu madzulo, amayi amayamba afunsa ngati ndadya, kenako amati, "Nanga mnzako uja, sananene kuti aimba liti?"